Chilema Chodziwika: Chodziwika kwa Yani?

Nyumba imene ndimachitamo lendi ku Morningside, mumzinda wa Durban, ndi yosanja kasanu, ndipo magalimoto athu tonse amagona kunsi kwake. Ukatsikako m'mawa umayamba wamva fungo la chinyontho cha kunyanja, kenako la oyilo wa galimoto yanga yakale, imene imasiya kadontho pasimenti usiku uliwonse. Pafupi ndi chipilala chachitatu pankaima galimoto yoyera yoyendera magetsi, ya bambo wina wa pansanja yachinayi. Kwa zaka ziwiri ndidakhala ndikuisirira. Inkatuluka mwakachetechete ngati mphaka, inkakwera chitunda cha Innes Road osabuula n'komwe, ndipo mwini wake sankadziwa kuti petulo ali pa mtengo wanji.

Tsiku lina bamboyo adandiimitsa pamasitepe. Adati akusamukira kunja ndipo galimotoyo akuigulitsa. Mtengo umene adatchula sudafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake ili yatsopano. Mtima wanga udadumpha. Kenako adawonjezera mawu amene andichititsa kulemba nkhani ino: "Sindikubisirani kanthu. Mavuto ake ndi odziwika. N'chifukwa chake mtengowu ndautsitsa chonchi." Madzulo adandibweretsera mapepala. Mtundu wa galimotoyo udali m'gulu la magalimoto amene makampani awo adawaitanitsa kumaiko akunja chifukwa batire lake limatha kutentha mpaka kuyaka. Langizo lidali lakuti isamatchajidwe mpaka kudzaza, komanso izigona panja, kutali ndi nyumba. Dzina la bamboyo ndi la galimotoyo ndikuwasunga, pakuti mlandu wanga suli ndi munthu mmodzi kapena kampani imodzi.

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu. Ndimadya chifukwa chosamutsa zikalata za makhoti, za zipatala ndi za mabungwe kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Womasulira amaphunzira msanga kuopa mawu opanda mwini. "Ndalama zasowa." "Kwaganizidwa kuti muchoke." "Vutoli ndi lodziwika." Mawu otere amabisa munthu kuseri kwawo. Ndalama sizisowa zokha, alipo wazitenga. Vuto silidziwika lokha, alipo akulidziwa ndipo alipo sakulidziwa. Choncho nditamva kuti mavuto a galimoto ija ndi odziwika ndidadzifunsa funso la pantchito: odziwika kwa yani? Kwa kampani, inde. Kwa wogulitsa, inde. Kwa ine, kuyambira tsiku limenelo. Nanga gogo wa pansanja yoyamba, amene chipinda chake chogona chili pamwamba penipeni pa chipilala chachitatu? Iye adagona zaka ziwiri pamwamba pa galimoto imene opanga ake adati izigona panja, ndipo palibe adamuuza.

Galimotoyo sindidagule. Chimene ndikufuna kunena ndi ichi: chilema chodziwika si mphatso yakuti ugule motchipa. Ndi katundu amene wina akutula pamutu pake n'kukusenzetsa iwe. Ndipo pali zilema zina zimene munthu alibe ufulu wozigula ngakhale atazifuna, chifukwa tsiku limene zidzaphulike sadzavulala yekha.

Musanditenge ngati mmodzi wa anthu amene amanyoza magalimoto amagetsi kuti ndi zidole za anthu olemera. Ine ndimawafuna, ndipo ndili ndi zifukwa. Mu July 2022 petulo kuno adapitirira R26 pa lita, ndipo womasulira amene salandira malipiro a pamwezi amaumva mtengo wotere m'mafupa. Chaka chomwecho nditapita kwathu ndidagona m'galimoto ya msuweni wanga pamzere wa mafuta ku Lilongwe, tikulowera kutsogolo utali wa galimoto imodzi pa ola. Amene adaimapo pamzere wotere safunika kulalikidwa za ubwino wa galimoto imene imamwa pasoketi. Ndikudziwanso kuti ziwerengero za ku Sweden zaonetsa kuti magalimoto amagetsi amayaka mwa apo ndi apo kuyerekeza ndi a petulo ndi dizilo. Ndipo ife a kuno sitifunika kupita kutali kuti tikumbuke moto wa petulo. Mu December 2015 bambo wina adafera m'galimoto ya Ford Kuga imene idayaka ku Wilderness. Magalimoto ena ambiri a mtundu womwewo adayakanso m'misewu ya dziko lino, anthu akujambula pa mafoni, kufikira mu January 2017 pamene kampaniyo idaitanitsa magalimoto 4,556. Mu 2019 idavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni. Choncho nkhani yanga si yakuti magetsi ndi oipa, petulo ndi wabwino. Nkhani ndi yakuti chilema chikadziwika, amachisenza ndani.

Tiyambe tasiyanitsa zilema, chifukwa ogulitsa amakonda kuziponya m'dengu limodzi. Chilipo chilema cha ukalamba. Batire lililonse limafooka ndi zaka, monga la foni yanu limene poyamba linkatha masiku awiri koma lero limafa masana. Chitsanzo chodziwika ndi Nissan Leaf, imene idatuluka kumapeto kwa 2010 n'kuyamba kugulitsidwa ku South Africa mu 2013. Batire lake silidapangidwe ndi njira yoliziziritsa ndi madzi, choncho kumalo otentha limakalamba msanga. Eni magalimotowa ku Phoenix, ku America, adadandaula za zimenezi mu 2012, mpaka kampani idalonjeza kukonza batire limene lingatsike kupitirira mlingo wina m'zaka zisanu zoyamba. Chilema chotere chimayezeka. Pa Leaf pali timizere 12 toonetsa thanzi la batire, ndipo kachipangizo kotchipa kolumikiza ku foni kamakuuza mphamvu imene yatsala. Ukadziwa kuti galimoto imene kale inkayenda makilomita 150 lero imayenda 90, ukhoza kukhala pansi n'kuwerengera. Kuchoka ku Morningside kupita ku Umhlanga n'kubwerera, ikwana. Kukwera msewu wa N3 kupita ku Johannesburg, makilomita oposa 550, iwalani. Ikakuthera panjira, wochita manyazi ndiwe, wolipira woikoka ndiwe. Chilema chotere munthu wamkulu ali ndi ufulu wochigula, ndipo ine nditapeza mtengo wabwino ndikhoza kuchigula mawa.

Chilema chachiwiri ndi cha moto, ndipo ichi n'china. Batire la galimoto ndi timabatire tambirimbiri tothinana m'bokosi limodzi pansi pa mipando. M'kati mwa kalikonse muli timapepala tazitsulo tolekanitsidwa ndi kansalu kopyapyala. Kufakitale kansaluko kakapindika, kapena kachitsulo kakang'ambika, mbali ziwiri zosayenera kukhudzana zimatha kudzakhudzana patapita miyezi kapena zaka. Kabatire kamodzi kamatentha, n'kutenthetsa kanzake, kanzakeko n'kutenthetsa kena, mpaka bokosi lonse. Moto wotere umafuna madzi ochuluka kwambiri, umatulutsa utsi wapoizoni, ndipo umatha kudzukanso patapita maola ambiri ozimitsa moto atapita kale. Izi n'zimene zidachititsa General Motors kuitanitsa magalimoto onse a Chevrolet Bolt, oposa 140,000, mu August 2021. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho Hyundai idalengeza kuti isintha mabatire m'magalimoto pafupifupi 82,000, ambiri mwa iwo a Kona. Jaguar I-Pace, imene idafika ku South Africa mu 2019 n'kupambana mphoto ya galimoto yabwino koposa ya dziko lino mu 2020, idaitanitsidwa ku America mu 2023 pa nkhani ya batire, ndipo chakumapeto kwa 2024 kampaniyo idalengeza kuti igulanso kwa eni ake a ku America magalimoto 2,760 a chaka cha 2019. Taonani mmene vuto lotere limathera kumene lamulo lili ndi mano: batire latsopano, kapena kubweza ndalama. Silithera pa kuchotsera wogula wachiwiri mtengo.

Chilema cha moto sichiyezeka ndi kachipangizo ka pafoni. Mwa magalimoto chikwi mwina ochepa chabe ndi amene ali ndi kabatire kolakwika, koma palibe akudziwa kuti ndi ati. Ndiye mawu akuti "lodziwika" pano ndi achinyengo kawiri. Chodziwika n'chakuti vuto lilipo penapake. Chosadziwika n'chakuti lili m'galimoto imene mwaima pafupi nayo kapena ayi, ndiponso kuti lidzadzuka liti.

Tsono tamverani langizo lija: izigona panja, kutali ndi nyumba. Amene adalemba mawuwa ankaona nyumba ya ku America yokhala ndi bwalo lalikulu ndi kanjira ka galimoto kutsogolo. Ndiwamasulire m'chinenero cha Morningside. Kuno ambiri timakhala m'nyumba zosanjikizana. Panja ndi pamsewu, kumene Lachisanu usiku anthu a ku Florida Road amaimika magalimoto mpaka pageti pathu, ndipo galimoto yogona pamsewu imadzuka yopanda galasi, ikadzuka ilipo. Pamsewu palibe soketi. A inshuwaransi akamva kuti imagona pamsewu amakweza mtengo. Choncho langizo lija silitheka, ndipo mwini galimoto amachita chimene bambo uja adachita: amaibwezera kunsi kwa nyumba n'kukhala chete. Kunsi kwathu kuli khomo limodzi lotulukira magalimoto ndi masitepe amodzi okwera kumene timagona. Mu April 2022, pa chigumula chimene chidapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, madzi adalowa kunsiko ndipo tonse tidathamangira kukatulutsa magalimoto nthawi imodzi. Tidaona tsiku limenelo kuchepa kwa khomo lija. Amenewo adali madzi, amene amakupatsa nthawi. Utsi sudikira.

Ndidapita kwa mkulu amene amasamalira nyumba yathu, Mzulu wachikulire amene amagona m'kachipinda ka pafupi ndi khomo lomwelo. Ndidati, "Baba, kodi mukudziwa kuti galimoto yoyera ija siyenera kugona muno?" Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa kuti ndani adanena zimenezo, ndipo adauza yani. Ndilo funso langa lomwe lija, lochokera kwa munthu amene sadapite kusukulu ya omasulira.

Mawu akuti "sindikubisirani kanthu" amamveka aulemu, ndipo bambo uja ndimamulemekeza kuti sadandinamize. Koma dziwani ntchito imene mawuwa amagwira pa lamulo. Pangano limene adandipatsa lidali ndi liwu limodzi la Chiafrikaans limene aliyense wogula chinthu ku Joni ayenera kuliloweza: voetstoots. Tanthauzo lake n'lakuti ukugula chinthu mmene chililimo, ngati kuti wogulitsa wachikankha ndi phazi n'kukusiyira. Liwuli siliteteza wogulitsa amene wabisa dala chilema chimene akuchidziwa. Ndiye wogulitsa wanzeru sabisa. Amakuuza, ndipo akangokuuza, chilemacho chasamuka, chakhala chako. Lamulo loteteza ogula la 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wachilema, koma limagwira amalonda, osati mnansi amene akugulitsa galimoto yake kamodzi. Ndipo ngakhale kwa amalonda, gawo 55 la lamuloli likuti wogula akauzidwa momveka za mmene katunduyo alili, iye n'kuvomera, sangabwerenso kudzadandaula za chilema chomwecho. Mwaona? Kuuzidwa kuli ndi mtengo wake. Chilungamo cha wogulitsa chimamasula wogulitsa, koma batire limakhala lomwe lija.

Amene adandikakamiza kwambiri kuti ndigule ndi alamu anga, amene amayendetsa takisi ya pafoni mumzinda muno. Adabwera Lamlungu, adaizungulira galimoto ija kawiri, adaimba mluzu. "Alamu, mwayi sufika kawiri. Bola ikuyenda. Galimoto yopanda vuto mudaiona kuti?" Nditawafotokozera za batire adaseka. Kenako adanena mawu amene adandiziziritsa nkhongono: "Mukaona kuti yayamba kuvuta, tidzaitumiza kumudzi. Kumeneko aigula tsiku lomwelo."

Sadanene zoipa mumtima mwawo. Adangofotokoza mmene dziko limayendera. Chilema chimatsika ngati madzi, kufunafuna malo otsika. Kampani imachipereka kwa wogula woyamba, amene ali ndi chitsimikizo cha zaka zingapo, loya ndi galaja ya kampani pafupi. Iye amachipereka kwa wachiwiri, amene ali ndi mapepala okha. Wachiwiri amachipereka kwa wachitatu, amene ali ndi mawu a pakamwa. Pofika kwa wachinayi ngakhale mawuwo atha, chatsala ndi utoto wonyezimira. Ndipo wachinayiyo kawirikawiri ndi ife. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidatulutsa lipoti mu 2020 losonyeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto akale okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 alionse adabwera ku Africa. Kuchokera pamtunda wa Berea ndimaona sitima zikulowa padoko la Durban. South Africa salola kuti magalimoto akale ochokera kunja azigulitsidwa m'dziko muno, kupatula pa zifukwa zochepa, pofuna kuteteza mafakitale ake. Koma amawalola kudutsa. Amatsika padoko, amakwera pamathiraki, amalowera kumpoto. Chimene mwini nyumba wakana kudya amapatsira mnansi pampanda.

Kalata yoitanitsa galimoto imapita kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa dziko limene galimotoyo idagulitsidwa koyamba. Galimoto ikawoloka nyanja, kalata imatsala. Ikatsatira n'komwe, ili m'Chijapani kapena m'Chingerezi cha maloya. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, ndamasulira machenjezo a kolera, a mankhwala a mbewu, a chisankho, koma palibe adandipatsapo chenjezo la galimoto kuti ndilimasulire m'Chichewa. Ku Mchesi kapena ku Ndirande kuli amakaniko amene amatha kutsitsa injini pansi pa mtengo wa mango n'kuibwezeretsa dzuwa lisanalowe, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma bokosi la batire la mphamvu ya mavoti 400 silitsegulidwa ndi sipanala ndi kulimba mtima. Galimoto imene ku America adati izigona kutali ndi nyumba, kwathu idzagona pakhonde, pafupi ndi zenera la ana, itchajidwe ndi waya wodutsa pawindo, chifukwa mwini wake akuopa akuba. Chilema chija chidzakhala chidakali "chodziwika", koma m'mudzi monsemo mudzakhala mulibe wochidziwa.

Ndikumva kale mayankho, ndipo ena ndi olemera. Loyamba n'lakuti ife tidakulira kaunjika. Malaya, nsapato, mabuku, mafoni, magalimoto, zonse zidatipeza zitadutsa m'manja mwa ena, ndipo tikadadikira zatsopano bwenzi tikuyenda pansi mpaka lero. N'zoona, ndipo ine ndemwe ndavala kaunjika pamene ndikulemba izi. Koma kaunjika ali ndi lamulo lake limene amayi aliyense pamsika amalidziwa: umatambasula malaya padzuwa, umaona pamene pang'ambika, umanenerera mtengo. Chilema chili pamaso, ndipo chikakula, wovala ndiye aoneke msana. Galimoto ya batire lokayikitsa sungaitambasule padzuwa. Ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Luso lathu la kaunjika ndi luso la maso ndi manja, ndipo apa maso ndi manja sizifika. Mawu akuti "bola ikuyenda" adatithandiza pa Corolla yakale yotha mphira. Pa batire ndi mawu oopsa.

Yankho lachiwiri ndi la anzanga okonda chilengedwe, amene amati dziko likutentha, tisamasankhe kwambiri, galimoto yamagetsi iliyonse ndi yabwino kuposa ya utsi. Nkhawa yawo ndi yanganso. Ndidaona zimene namondwe Ana adachita ku Kapichira mu January 2022, ndi zimene Freddy adachita ku Blantyre mu March 2023. Ndipo kunena zoona, galimoto yamagetsi ili ndi phindu lalikulu ku Malawi kuposa kuno. Magetsi a South Africa ambiri amachokera ku malasha, pamene athu ambiri amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo lita iliyonse ya petulo timaigula ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Koma n'chifukwa chake ndikukuwa. Kumene kukufunika magalimotowa kwambiri ndiko kudzakhale dzala la olakwika. Ndipo palibe chimene chidzaphe chikhulupiriro cha anthu msanga kuposa nyumba imodzi yopsa ku Area 25, chithunzi chake chikuzungulira pa WhatsApp. Ku South Africa magalimoto amagetsi atsopano ogulitsidwa mu 2024 adangopitirira pang'ono 1,000, mwa magalimoto oposa 500,000. Mbewu ikadali yaing'ono chonchi, suithirira madzi otentha.

Yankho lachitatu n'lakuti mwayi woti iyake ndi wochepa kwambiri, ndipo tsiku lililonse timakwera minibasi zoopsa kuposa pamenepo. N'zoona kuti ndi wochepa. Koma pokwera minibasi ndimaika moyo wanga, ndipo ndasankha ndekha. Poimika galimoto ija pa chipilala chachitatu ndikadaika moyo wa gogo uja, wa mkulu wa pakhomo, wa mabanja onse a pamwamba, popanda kuwafunsa, kuti ine ndipulumutse ndalama za petulo. Phindu likadakhala langa, ngozi ikadakhala yathu tonse. Munthu akhoza kutchova juga ndi ndalama zake. Sangatchove ndi denga la mnansi. Ndipo kampani imene idapanga galimotoyo, imene ili ndi akatswiri ndi ziwerengero zonse, itaona kuti mwayi wochepawo ndi wokwanira kulembera anthu kuti aziimika panja, ine womasulira ndine yani kuti ndinene kuti akukokomeza?

Sindikuti musagule galimoto yamagetsi yakale. Ndikuti liwu lakuti "lodziwika" likafika, mulifunse mafunso mpaka litope. Tengani nambala yaitali ya galimoto ija, ya zilembo ndi manambala 17, mupite nayo ku galaja ya kampani yake, akuuzeni polemba ngati idaitanitsidwapo ndiponso chimene adachita. Ngati adasintha batire, muone chikalata. Ngati adangoika pulogalamu yoletsa batire kudzaza, dziwani kuti amanga bala, sadachotse munga. Funsani lipoti la thanzi la batire lokhala ndi nambala, osati mawu akuti "lili bwino". Funsani kuti likafa alikonza ndani, kuti, ndipo ndi ndalama zingati, pakuti batire latsopano limatha kudula kuposa galimoto yakaleyo. Uzani a inshuwaransi zonse, muone ngati avomerabe. Ngati mumakhala m'nyumba yosanja, uzani komiti ya eni nyumba musanagule, osati mutagula. Pomaliza dzifunseni kuti inu mudzaigulitsa kwa yani, ndipo mudzamuuza chiyani. Ngati yankho ndi lija la alamu anga, bwezani makiyi. Safunsa adadya phula, koma pano phulalo adzadya ndi ena.

Komabe si bwino kuti katundu yenseyu asenze wogula yekha. Kenya idalamula mu 2024 kuti galimoto yamagetsi yakale isalowe m'dzikomo ngati batire lake latsika kupitirira 80 pa 100 ya mphamvu yake. Lamulolo likukhudza ukalamba wa batire, koma likuonetsa kuti dziko la mu Africa likhoza kuima pachipata n'kufunsa. Ife tili ndi Malawi Bureau of Standards, tili ndi MRA pa Mwanza, Dedza ndi Songwe, tili ndi Competition and Fair Trading Commission. N'chiyani chingawalepheretse kunena kuti galimoto imene idaitanitsidwa kwawo ndipo sidakonzedwe isalowe? Mndandanda wa magalimoto oitanitsidwa ku Japan, ku Britain ndi ku America uli poyera pa intaneti. Chofunika ndi munthu wouyang'ana asanadinde chidindo. Ndipo chenjezo lililonse lokhudza moyo liziulutsidwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, monga timachitira ndi kolera. Lamulo la South Africa lija lili ndi gawo 22, lonena kuti wogula ali ndi ufulu wouzidwa zinthu m'mawu osavuta kumva. Ine ndikuwonjezera kuti mawu osavuta m'chinenero chimene munthu sachimva ndi ovutabe. Chinthu sichidadziwike kufikira chitadziwika kwa amene chingamuphe.

Bambo uja ndidamuyankha patatha sabata. Ndidati sindigula, ndipo ndidamupempha kuti masiku otsalawo galimotoyo isagone kunsi, apo ayi ndikauza komiti. Nkhope yake idasintha. Adati amaganiza kuti akundichitira chifundo. Ndikukhulupirira kuti ankaganizadi choncho. Kuyambira tsiku limenelo moni wathu wa pamasitepe udafupika, ndipo alamu anga mpaka lero amanditcha munthu wophunzira mopitirira muyezo. Galimotoyo idagona masiku angapo kwa mnzake wa bamboyo amene ali ndi bwalo, kenako idagulidwa. Ndidamva kuti wogulayo ndi mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje wa Umgeni, ndipo adasangalala kwambiri ndi mtengo.

Pa chipilala chachitatu tsopano pamaima njinga yamoto. Gogo wa pansanja yoyamba sadziwa chilichonse cha nkhaniyi. Ine ndikuyendabe pa galimoto yanga yodontha oyilo, ndipo Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, pamene mtengo wa petulo umasintha, ndimaikumbuka galimoto yoyera ija ndipo mtima umandipweteka. Ndikusunga ndalama pang'onopang'ono. Tsiku lina ndidzagula yamagetsi, mwina yokalamba, yoyenda makilomita ochepa, ya chilema chimene ndingachiwerenge ndi kuchisenza ndekha. Koma usiku wina ndikamva galimoto ya ozimitsa moto ikutsika ndi Umgeni Road, ndimadzuka n'kumvetsera kuti ikulowera kuti. Mnyamata uja adauzidwa, sindikukayika. Amene amagona pamwamba pa galaja yake ndi amene ndimawaganizira.